Batire likakhala chete, musaganize kuti lili bwino

Papita nthawi ndisanalembe kanthu pano. Mundikhululukire, inali nyengo yochonga mayeso, ndipo anzanga aphunzitsi mukudziwa kuti munthu akakhala ndi mulu wa mapepala a Fomu 3 patebulo, ngakhale a kunyumba kwake amamuona ngati mlendo. Lero ndati ndilembeko za mabatire. Musathawe, si phunziro la m'kalasi, ngakhale kuti fumbi la choko silichoka m'manja mwa mphunzitsi.

Chandiyambitsa ndi ichi. Nditatopa ndi kuchonga mapepala ndi kandulo magetsi akazima, ndidagula inveta ndi batire la lithium, ngongole yake ndikubwezabe. Munthu amene adadzandiikira adagwira ntchito mwachangu, magetsi adayaka, ndidamulipira, adapita. Patapita miyezi ingapo batirelo lidayamba khalidwe lachilendo. Inveta imaonetsa kuti mphamvu ilipo yokwanira, koma mwadzidzidzi nyumba yonse mdima bii. Tsiku lina kudabwera mnyamata amene ndidamuphunzitsa zaka zapitazo, pano amaika masola m'tauni. Adasuzumira kumbuyo kwa inveta, adapisa m'katoni, n'kutulutsa kachingwe kotuwa kadakali m'pepala lake la pulasitiki.

"Sala, aka bwanji sikadalumikizidwe?"

Ndidamuyankha kuti ndimayesa ndi ka intaneti, kongowonjezera. Adaseka kuseka kuja kwa mwana amene wapeza mphunzitsi wake atalakwitsa samu pa bolodi.

"Ayi Sala, aka ndiye pakamwa pa batire. Popanda aka batire lanuli lili duu, ndipo inveta ikungolota."

Mawu amenewo andivutitsa kwa masabata angapo, mpaka ndakhala ndikuwerenga za nkhaniyi usiku m'malo mokonzekera maphunziro. Maganizo amene ndafika nawo ndi awa: pa batire la lithium, chinthu choopsa kuposa uthenga woipa ndi kusowa kwa uthenga, ndipo makina alionse amene amatenga chete ngati chizindikiro cha mtendere adapangidwa molakwika, kapena adaikidwa molakwika. Ndifotokoze.

M'kalasi timajambula maselo anayi pa bolodi, kamzere kakatali ndi kamzere kakafupi, n'kunena kuti mukawalumikiza mondondozana ma volts ake amaphatikizana. Ana amalemba, mayeso amakhoza. Chimene sitinena n'chakuti maselo a pa bolodi amafanana ngati mapasa, pamene maselo enieni safanana. Ngakhale atachokera m'fakitale imodzi tsiku limodzi, lina limasunga mphamvu yocheperako pang'ono, lina limataya mphamvu msanga likangokhala, lina lili pakati pa anzake ndiye limatentha kuposa a m'mbali. Zaka zikamapita kusiyanako kumakula.

Tiyeni tichite samu yapafupi. Mabatire ambiri a lithium a m'nyumba ndi a mtundu wotchedwa LFP. Selo limodzi la mtundu umenewu limakhala pa ma volts 3.2, ndipo likadzaza lisapitirire 3.65. Maselo anayi ondondozana ndiwo amapanga batire lija timati la 12 volts, ndipo lonse likadzaza limafika 14.6. Tsono tchaja imene imangoyeza mbali ziwiri za batire ikaona 14.6 imati zonse zili bwino. Koma 3.4 kuphatikiza 3.4 kuphatikiza 3.4 kuphatikiza 4.4 ndi 14.6 yomweyo. Maselo atatu sanakhute, limodzi ladya mopitirira muyeso ndipo likuwonongeka, koma tchaja sikudziwa kanthu. Anzanga mukuidziwa nkhani imeneyi. Avereji ya kalasi ikhoza kukhala yosangalatsa a hedi pamene muli mwana amene wapeza ziro.

Batire la asidi lija la m'galimoto, limene makolo athu ankalikweza pa njinga kukatchajitsa kuti amvere wailesi, lili ndi maselo 6 a ma volts awiri lililonse, ndipo ndi lopirira. Selo limodzi likadzaza msanga, mphamvu yotsalayo imangophwanya madzi a m'katimo kukhala mpweya, anzake n'kumadzaza pang'onopang'ono. N'chifukwa chake tinkathiramo madzi a batire. Lithium alibe chifundo chotero. Mukamukakamiza kudya atakhuta, m'kati mwa selo mumayamba kuwonongeka ndi kutentha. Kutenthako kukafika pena, kapepala kopyapyala kolekanitsa mbali ziwiri za selo kamasungunuka, mbalizo zimagundana, kutentha kumabala kutentha kwina, ndipo palibenso swichi imene ingaimitse. Selo loyandikana nalo limawotchedwa n'kuyambanso zomwezo. Akuluakulu adati nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Maselo a LFP savuta kupsa mtima ngati a m'mafoni ndi m'malaputopu, amene amadzaza pa 4.2 volts kapena kupitirirapo, koma nawonso ali ndi malire.

Choncho batire lililonse la lithium lopangidwa bwino lili ndi mlonda m'kati, kabodi ka zamagetsi kamene amakatcha BMS. Ntchito yake ndi kuyeza ma volts a selo lililonse palokha, kuyeza kutentha, kuyeza kuchuluka kwa magetsi olowa ndi otuluka, kupungula pang'ono mphamvu ya selo limene lathamanga kuti anzake alipeze, ndi kudula magetsi zinthu zikafika poipa. Pa batire la maselo anayi kabodi kamodzi kamakwana. Mawaya asanu, basi.

Vuto limabwera batire likakula. Nissan Leaf yoyamba, imene idatuluka mu 2010, inali ndi maselo 192, awiriawiri m'magulu 96 ondondozana, zonse pamodzi ma volts pafupifupi 360. Kuti kabodi kamodzi kayeze magulu 96 pamafunika mawaya osachepera 97 ochokera mbali zonse za batire kudzakumana pamalo amodzi. Waya aliyense wautali ndi mwayi wina wa kukhuzika, kuduka kapena kugundana ndi mnzake, m'galimoto imene ikudumpha m'maenje. Nanga batire lalikulu ngati nyumba, la maselo masauzande? Apa ndi pamene akatswiri adagawa ntchito. Kagulu kalikonse ka maselo kamakhala ndi kamlonda kake pompo, ndi timawaya tifupitifupi. Mwachitsanzo kachipangizo kotchedwa LTC6804, ka kampani ya Linear Technology imene idagulidwa ndi Analog Devices mu 2017, kamayeza maselo 12. Tizipangizo 8 totere timakwana magulu 96 aja, ndipo timapatsirana uthenga kuchokera kwa kena kupita kwa kena pa mawaya awiri okha, mpaka kukafika kwa kompyuta yaikulu ya batire.

Ndi mmene timayendetsera sukulu. A hedi sangawerenge ana onse okha m'mawa uliwonse. Kalasi iliyonse ili ndi monita, monita amapereka kaundula kwa mphunzitsi wa kalasi, nkhani imafika ku ofesi. Ine ndikugwirizana nako kugawa ntchito kumeneku, ndipo sindikuona njira ina yanzeru. Koma aliyense amene adakhalapo pa duty akudziwa kuti ukagawa ntchito wasinthanitsa vuto lina ndi lina. Sukudalira maso ako tsopano, ukudalira uthenga. Ndipo uthenga umasochera panjira, umasinthika, umachedwa, pena sufika n'komwe.

Panjira ya uthenga wa m'batire pali adani awiri. Woyamba ndi phokoso la magetsi. Inveta ndi mota zimayatsa ndi kuzimitsa magetsi amphamvu kambirimbiri pa sekondi, ndipo waya aliyense wapafupi amatola zinyalala zake, monga wailesi imalirira mphezi ikang'anima. Wachiwiri ndi kusiyana kwa ma volts. Kamlonda ka kumapeto kwa mndandanda kakhala pa ma volts mazana angapo pamwamba pa kamlonda koyamba. Mutangowalumikiza ndi waya wamba, wayayo ndiye amasanduka njira ya magetsi onsewo. Motero uthenga umadutsa pa katiransifoma kakang'ono kapena pa capacitor, zimene zimalola uthenga kuwoloka koma zimatsekereza magetsi aakuluwo. A Fomu 4 amene munkadandaula kuti za tiransifoma zidzakuthandizani chiyani pa moyo, yankho lina ndi limeneli.

Njira yotchuka yolankhulirana pakati pa kompyuta ya batire ndi zipangizo zina, kaya ndi m'galimoto kaya ndi inveta ya m'nyumba, imatchedwa CAN. Idapangidwa ndi kampani ya Bosch ya ku Germany, adaionetsa koyamba ku Detroit mu 1986, ndipo mu 1993 idakhala muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 11898. Ndikhalepo pang'ono apa chifukwa amene adaiganiza ankadziwa bwino kuti uthenga ndi chinthu chosadalirika.

Mawaya ake ndi awiri, opotana ngati chingwe cha khonje. Wolandira uthenga sawerenga ma volts a waya mmodzi, amawerenga kusiyana kwa awiriwo. Phokoso likabwera limamenya onse awiri mofanana, ndiye kusiyanako kumatsala momwemo. Zipangizo zonse zimagwiritsa ntchito mawaya omwewo, ndipo palibe tcheyamani wopereka mpata wolankhula. Uthenga uliwonse umayamba ndi nambala. Ziwiri zikayamba kulankhula nthawi imodzi, cha nambala yaing'ono chimapambana, chinacho chimakhala chete n'kudikira, ndipo uthenga wa chopambanacho suwonongeka ngakhale pang'ono. Wopanga makina amapereka nambala zazing'ono ku nkhani zofunika kwambiri, kuti mawu akuti selo latentha asadikire kumbuyo kwa nkhani zopanda changu. Kumapeto kwa uthenga uliwonse kuli nambala ina yochokera pa samu ya zonse zimene zanenedwa, ngati totala ya pansi pa pepala la malikisi. Wolandira amabwereza samuyo. Ikapanda kugwirizana amakuwa, onse amautaya uthengawo, wotumiza amatumizanso.

Chimene chimandisangalatsa koposa ndi ichi. Chipangizo chilichonse chimadziwerengera chokha zolakwa zake. Chikalakwitsa potumiza chimadziwonjezera mapointi 8, chikatumiza bwino chimachotsapo imodzi. Mapointi akapitirira 255 chimadzichotsa chokha pa mzere, kuti chisasokoneze anzake ndi zobwebweta zake. Ndikadakonda lamulo limeneli likadabwera ku misonkhano yathu ya m'stafu rumu, koma tizisiye.

Onani tsono pamene tafika. Chipangizo chodwala chadzichotsa, mzere uli phee. Kapena waya waduka, kapena pulagi yachita dzimbiri, kapena khoswe wadya chingwe. Palibe uthenga woipa umene ukufika ku kompyuta yaikulu. Funso langa lonse lagona apa: kompyutayo ichite chiyani?

Anzanga a sukulu zogonera konko, kumbukirani usiku wa duty. Mwauza ma prefect kuti ikakwana nthawi yogona abwere kudzanena ngati ana onse ali m'hostel. Atatu abwera, mmodzi sanabwere. Pali aphunzitsi a mitundu iwiri. Wina amati kukadakhala vuto akadabwera kudzandiuza, n'kukagona. Wina amanyamula tochi n'kupita kukaona. Nthawi zambiri woyambayo amadzuka m'mawa zonse zili bwino, ndipo amamuseka mnzake uja kuti amadzivutitsa. Koma usiku umene kuli vuto lenileni, kawirikawiri vutolo ndi lomwe lamulepheretsa prefect kubwera. Ndi chimodzimodzi m'batire. Kutentha, madzi kapena shoti imene ikuwononga maselo ikhoza kuyamba yawononga kamlonda kapena waya wake. Nthawi imene uthenga ukufunika kwambiri ndi nthawi yomwe ungalephere kufika.

BMS yopangidwa bwino ndi mphunzitsi wa tochi uja. Silamula kuti mundiuze kukakhala vuto. Imalamula kuti muzindiuza nthawi zonse, kangapo pa sekondi, kuti muli moyo ndipo ma volts ndi awa. Uthenga ukaphonya kangapo motsatizana, imachepetsa magetsi kapena kudula kumene, osadikira kumva chifukwa. Palinso chinyengo china chimene amachitchinga. Kamlonda kakhoza kuuma mutu n'kumangobwereza nambala zomwezo zakale, ngati monita waulesi amene amakopera kaundula wa dzulo osawerenga ana. Pofuna kumugwira, opanga ambiri amaika mu uthenga kanambala kamene kayenera kusintha ulendo uliwonse. Kakangoima, kompyuta imadziwa kuti zimene ikumvazo ndi nkhani zakale.

Ngakhale swichi yaikulu yodulira magetsi a batire la galimoto idapangidwa ndi mtima womwewo. Imakhala yotseguka mwachibadwa chifukwa cha sipuling'i, ndipo imatsekeka pokhapokha kompyuta ikupitiriza kuipatsa magetsi oigwira. Kompyuta ikafa, dzanja lagwa, sipuling'i imatsegula, batire ladulidwa. Si nzeru yatsopano. George Westinghouse adaiika pa mabuleki a sitima za pamtunda mu 1872: mpweya wa m'paipi ndiwo umaletsa mabuleki kugwira, ndiye mabogi akadukana paipi n'kuphulika, mabuleki amagwira okha. Madalaivala a mathiraki akuluakulu amadziwa kuti mpweya ukatha m'matanki galimoto imakana kusuntha. Zimakwiyitsa pa msewu, koma ndi bwino kukwiya uli chiimire kusiyana ndi kutsika phiri wopanda mabuleki.

Mwina mukuti ndi nkhani za m'mabuku. Tiyeni tipite ku Australia. Pafupi ndi mzinda wa Geelong, m'chigawo cha Victoria, kuli malo osungira magetsi otchedwa Victorian Big Battery, amene mu 2021 anali a kampani ya Neoen, okhala ndi mabokosi 212 a mabatire a Tesla otchedwa Megapack, bokosi lililonse lalikulu ngati kontena. Pa 30 Julayi 2021, malowo akadali poyesedwa asanatsegulidwe, bokosi limodzi lidagwira moto ndipo motowo udalumphira ku bokosi loyandikana nalo. Ozimitsa moto adalengeza kuti augonjetsa pa 2 Ogasiti. Palibe adavulala. Ofufuza adapeza kuti chiyambi chake chinali madzi oziziritsira amene adadontha m'kati n'kuchititsa shoti. Kudontha kwa paipi si chinthu chodabwitsa, kumachitika paliponse. Chondikhudza ine ndi zimene zidapezeka pambali pake. Bokosilo atamaliza kuliyesa adalizimitsa ndi kiyi, ndipo kuzimitsa kotero kunkazimitsanso zipangizo zake zoyang'anira, zotumiza uthenga ndi zina zodzitetezera. Komanso bokosi latsopano linkafuna maola 24 kuti lilumikizane mokwanira ndi makompyuta oyang'anira malo onse, ndipo ili lidazimitsidwa maolawo asanakwane. Maselo anali ndi mphamvu m'kati, madzi akudontha, koma bokosi linali duu. Amene adazindikira kuti kuli vuto ndi anthu ogwira ntchito pamalopo, ataona utsi ndi maso awo.

Taonani zimene adakonza pambuyo pake. Adawonjezera kuyendera mapaipi, inde, koma zambiri zinali za uthenga: adachepetsa nthawi yolumikizira ija kuchoka pa maola 24 kufika pa ola limodzi, adawonjezera machenjezo a kudontha kwa madzi, ndipo adasiya kugwiritsa ntchito kiyi uja pokhapokha munthu akukonza bokosilo. Malowo adatsegulidwa mu Disembala chaka chomwecho. Ngati makampani a ndalama ndi akatswiri otere adagwa pa mbuna ya bokosi losalankhula, nanga ife amene timasiya kachingwe m'katoni?

Mnzanga wina wa masamu, titakambirana pa tiyi, adanditsutsa, ndipo mfundo zake si zopepuka. Yoyamba ndi yakuti makina amantha amatopetsa. Pulagi ikangogwedera, batire labwinobwino ladula, firiji yazima, kapena chipatala cha kumudzi chili mumdima mayi ali pakati pochira. Apa kudula kwenikweniko ndiye ngozi. Ndikuvomera. Koma yankho lake ndi kukonza njira ya uthenga kuti isamaduke chisawawa, osati kuphunzitsa makina kunyalanyaza chete. Opanga ena amalumikiza timilonda tija mozungulira ngati mphete, kuti waya akaduka pamalo amodzi uthenga uzungulire mbali inayo. Ena sadula nthawi yomweyo, amayamba achepetsa magetsi ndi kuliza chenjezo. Ndipo pamalo ofunika ngati chipatala, mabatire awiri odziimira paokha ndi abwino kuposa limodzi limene mwalitseka pakamwa.

Mfundo yake yachiwiri ndi yamphamvu koposa: kodi uthenga wabwino ungaletse moto uliwonse? Ayi, sungaletse. Pa 7 Januwale 2013 batire la lithium la ndege ya Boeing 787 ya Japan Airlines lidayaka ndegeyo itaima pa bwalo la ku Boston. Pa 16 mwezi womwewo 787 ina, ya All Nippon Airways, idatera mwadzidzidzi ku Takamatsu ku Japan chifukwa cha batire, ndipo ndege zonse 50 za mtunduwu zidaimitsidwa kwa miyezi yoposa itatu. Batirelo linali ndi maselo 8 okha, ndi zipangizo zake zoyang'anira. Bungwe lofufuza ngozi la ku America la NTSB lidapeza kuti ku Boston shoti idayambira m'kati mwa selo limodzi n'kufalikira kwa anzake. Shoti ya m'kati mwa selo simungaidule ndi swichi ya kunja, ngakhale mutaimva msanga bwanji. Boeing adali atawerengera kuti batire lotulutsa utsi lingachitike kamodzi pa maola 10 miliyoni a kuuluka, koma zidachitika kawiri ndegezo zitauluka maola pafupifupi 52,000 okha. Kukonza kwake kudali kwa zitsulo: zotchinga kutentha pakati pa maselo, bokosi lachitsulo lolimba, ndi paipi yotulutsira utsi kunja kwa ndege. Ethiopian Airlines ndiyo idayamba kunyamulanso anthu pa 787, kuchokera ku Addis Ababa kupita ku Nairobi, pa 27 Epulo 2013.

Choncho sindikunena kuti mawaya awiri opotana ndi mankhwala a matenda onse. Ndikunena kuti chitetezo chimakhala m'magawo, ndipo gawo lililonse liyenera kuganiza kuti linzake likhoza kulephera. Kamlonda ka pansi kazikhala ndi mphamvu yodula pakokha osadikira chilolezo cha ku ofesi. Kumbuyo kwake kukhale fyuzi, imene sifuna pulogalamu iliyonse. Kumbuyo kwa fyuzi kukhale bokosi lolimba. M'mabatire ambiri a laputopu muli kachipangizo kachiwiri kamene ntchito yake ndi imodzi yokha, kuwotcha fyuzi kamuyaya ma volts akapitirira muyeso ndipo mlonda woyamba sanachitepo kanthu. Prefect wanzeru akaona utsi amatulutsa ana kaye, kenako n'kuthamangira ku nyumba ya mphunzitsi.

Ndingotchulako mwachidule kuti mu 2020 General Motors idalengeza kuti mabatire a magalimoto ake atsopano amagetsi azidzalankhulana pa wailesi m'malo mwa mawaya, mogwirizana ndi Analog Devices. Mawaya ochepa, malo oduka ochepa, n'zomveka. Mtima wanga wa munthu wachikulire umakayikabe, poti ndaimapo pa chulu kusaka netiweki. Koma funso silisintha: uthenga ukasowa, makina amachita chiyani? Akayankha bwino funso limeneli, njira yodutsa uthengayo ndi nkhani yachiwiri.

Tibwerere ku katoni yanga ija. Kunena zoona, batire langa silinali pafupi kuyaka. BMS yake inali moyo, ndipo mdima uja unali iyo ikugwira ntchito yake: selo limodzi likatsika mopitirira, imadula. Vuto linali lakuti inveta inkayerekeza mphamvu yotsala poyang'ana ma volts okha, monga ichitira ndi batire la asidi. Koma ma volts a LFP sasintha kwenikweni kuyambira batire litatsala pang'ono kudzaza mpaka litatsala pang'ono kutha, ndiye kuyerekezako kunali kulota ndithu. Mnyamata uja atalumikiza kachingwe ndi kusankha mtundu wa batire pa inveta, batire lidayamba kudzinenera lokha mphamvu imene latsala nayo ndi kuchuluka kwa magetsi amene lingalandire potchaja. Adandichenjezanso kuti ngakhale kachingweko kamafanana ndi ka intaneti, timawaya ta m'kati timasanjidwa mosiyana malinga ndi kampani, ndiye kogula pamsika kakhoza kulowa bwinobwino pa bowo koma osanyamula uthenga uliwonse. N'kutheka kuti n'chifukwa chake oika ena amangokasiya. Kuwerenga kabuku kumadya nthawi, ndipo kasitomala akaona babu layaka amalipira.

Choipa chenicheni ndi china chimene adandiuza, ndipo ndachionapo ndi maso anga pa benchi la wokonza zamagetsi wina. Batire likamadula pafupipafupi, mwini wake amapita nalo kuti likonzedwe. Wokonzayo amatsegula, amaona kabodi, amati ichi ndiye chikuvuta, n'kuwotcherera waya wodumpha kabodiko. Batire limasiya kudula. Mwini wake amabwerera kunyumba akuyamikira kuti wapeza katswiri, ndipo usiku amalitchaja pansi pa bedi m'chipinda chogona ana. Kabodi kaja kankadula chifukwa selo lina linali kudwala. Selolo likudwalabe, chasintha n'chakuti palibenso wolinenera. Zomwezo zimachitika ndi maselo otoledwa m'malaputopu akufa, amene anyamata ena amawamanga ndi tepi kupanga mabatire otchipa opanda mlonda aliyense.

Inu amene mudadutsa m'manja mwanga ndipo pano mukudya za mawaya, ndikupempheni zinthu zochepa. Musadumphe BMS, ngakhale kasitomala akukakamizeni, ndipo muuzeni chifukwa chake m'Chichewa chomveka. Lumikizani kachingwe kaja. Mukamaliza kuika, yesani chinthu chimene ambiri sayesa: zulani kachingweko dala makina akugwira ntchito, muone ngati inveta ikudandaula. Ikapitiriza kumwetulira ngati palibe chachitika, ndiye kuti sinali kumvera batire n'kale, ndipo ntchito yanu sinathe.

Kwa anzanga ophunzitsa sayansi, ndikudziwa silabasi ndi yodzaza ndipo MANEB sifunsa za BMS. Koma ana amene tikuwaphunzitsa ali ndi lithium m'thumba, ena ali naye padenga, ndipo ku Golomoti m'boma la Dedza kuli malo opangira magetsi a dzuwa a 20 megawatts, amene adayamba ntchito mu 2022, okhala ndi mabatire aakulu a lithium. Ena mwa ana athu adzagwira ntchito pa malo otere. Mphindi khumi pa phunziro la maselo ondondozana sizingatigwetse mayeso.

Ine ndiyesa sabata yamawa ndi a Fomu 3, ndi mabatire wamba a tochi, osati a lithium. Nditenga atatu atsopano ndi limodzi lakutha, ndiwalumikize ndi babu, gulu lina liyeze onse pamodzi, magulu anayi liyeze lililonse selo lake n'kumakuwa nambala ku bolodi pakapita mphindi iliyonse. Gulu limodzi ndidzalinong'oneza kuti pakati pa phunziro lingosiya kuyankha, ndione ngati wolemba pa bolodi adzafunse kapena adzangobwereza nambala yakale. Vuto n'lakuti mu labu yathu muli ma multimeter awiri okha amoyo. Amene muli nawo ogona m'kabati, mukudziwa kumene ndimapezeka.